Mawu a m'mawa: Mwana amadziwa bwanji kuti awa ndi amayi?

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Kuno ku Zolozolo kwacha ndi nkhungu, kuzizira kwake kwa Mzuzu komwe mukukudziwa. Tiwerenge Luka 24:13-35.

M'nyumba muno muli mdzukulu wanga wa miyezi inayi. Dzulo ndinamubereka, mayi ake akutsuka mbale panja. Atangoyankhula, mwana uja khutu tcheru, mutu tembenu, maso kufunafuna. Atawaona pakhomo anayamba kupalasa miyendo ngati adumphe mu nsalu.

Mawu amenewo anayamba kuwamva akadali m'mimba. Nkhope anadzaiona atabadwa, nayonso mwachimbuuzi, pakuti khanda limaona bwino chinthu chimene chili pa masentimita 20 mpaka 30 basi. Tayezani kuchokera pabere kufika pankhope ya mayi, mupeza ndi pomwepo. Fungo la mkaka wa mayi ake limalizindikira m'masiku oyambirira. China chilowera kukhutu, china m'maso, china m'mphuno, koma poyamwa zonse zimafika nthawi imodzi, usana ndi usiku, mpaka ubongo uzimanga mtolo umodzi.

Mu 1979 ku America, akatswiri ofufuza, Andrew Meltzoff ndi Richard Borton, anayamwitsa makanda a mwezi umodzi timphira, tina tosalala, tina ta timabamphu, osawaonetsa. Atawaikira mitundu iwiriyo patsogolo, ambiri anayang'anitsitsa kofanana ndi kamene anali nako m'kamwa. Lilime linauza maso! Ndiye mwana akamaika chilichonse m'kamwa musamangomukalipira. Chitsukeni, ali pasukulu.

M'ndime ya Luka ija, anthu awiri opita ku Emau anayenda ndi Yesu atauka kwa akufa, akuwamasulira malembo kuyambira kwa Mose. Mitima inkatentha, koma sanamudziwe mpaka atakhala naye pachakudya, manja ake akunyema mkate. Mariya wa ku Magadala zake zinatembenuka: anamuona n'kumuyesa wosamalira munda, anadzamuzindikira atamuitana dzina (Yohane 20:15-16).

Ife kumva ndiye tamva, pawailesi, kutchalitchi, pa WhatsApp pompano. Chimene chimativuta ndi kulumikiza mawu amene tamva ndi manja amene amatigwira pakati pa sabata. Awiri aja akanamulola kuti apitirire ulendo, akanagona akungoti tinakumana ndi mlendo wodziwa malembo. Anamuumiriza kuti akhale nawo poti kunali kutada.

Ine ndemwe ndinachedwa. Julaye wathayu ndinadwala chifuwa, makala atatha, ndipo usiku ndinapemphera modandaula ndithu. Kutacha, mayi wina woyandikana nane, amene sitipemphera mpingo umodzi, anabwera ndi mtolo wa nkhuni pamutu, n'kundikolezera moto. Ndinamuthokoza mu Chitumbuka changa chothyokathyoka, iye n'kumaseka. Panapita masiku atatu ndisanakumbukire zimene ndinapempha usiku uja.