Makalata a Omvera: Kumene Galu Angawongolere Miyendo M'dziko la Eni

Okondedwa omvera, takulandiraninso m'gawo lathu la makalata. Sabata ino talandira makalata atatu ofunsa za nkhani imodzi, yomwe ena mwa inu amene mukutimvera kuno kumudzi mungaione ngati yoseketsa, ndiyo ya malo oyendako ndi galu munthu akasamukira kudziko lina. Kwathu kuno agalu ambiri amadziyendera okha masana n'kubwerera pakhomo madzulo kudzalondera, ndipo palibe amene amakhala pansi kuganizira za kumene angapite nawo. Koma abale athu amene ali ku Britain ndi ku South Africa akupeza kuti kumeneko galu akangotuluka pachipata amakhala m'manja mwa munthu, ndipo chilichonse chimene angachite panjira chimagwera munthuyo.

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Zomba amene tsopano akugwira ntchito ya unamwino mumzinda wa Leeds ku England. Iwo alemba motere:

"Zikomo aulutsi. Ine ndi banja langa tinasamukira kuno chaka chatha, ndipo ana atandiumiriza kwambiri tinatenga galu kumalo osungirako agalu osowa eni. Nyumba yathu ilibe bwalo loti n'kutchula, motero timangozungulira naye m'misewu yapafupi, ndipo zikuoneka kuti sizikumukwanira chifukwa wayamba kutafuna nsapato ndi miyendo ya mipando. Tsiku lina tinapita naye kunja kwa mzinda ndipo tinaona kachipata kolowera m'munda momwe munali nkhosa, pambali pake pali chikwangwani cholembedwa kuti Public Footpath, koma tinabwerera poopa kuti mwini munda angatiyese akuba. Kodi munthu wobwera ngati ine angadziwe bwanji malo amene ndi ololedwa?"

Zikomo mayi. Choyamba ndikuchotseni mantha pa za kachipatako. Ku England ndi ku Wales kuli njira zambirimbiri zapansi zimene zimadutsa m'minda ya anthu, ndipo lamulo limapatsa aliyense ufulu wodutsamo, mbadwa kapena mlendo, ngakhale kuti nthakayo ndi ya mlimi. Njira zotere amaziika chizindikiro cha muvi wachikasu, pamene muvi wabuluu umasonyeza njira imene amadutsanso okwera akavalo ndi njinga. Mukagula mapu a mtundu wa Explorer a Ordnance Survey, bungwe lojambula mapu la dzikolo, kapena mukawatsegula pafoni, njirazi mudzaziona zitajambulidwa ndi timizere tobiriwira todukaduka. Ufulu wanuwo ndi wodutsa basi, ndipo umathera m'mphepete mwa njirayo, kotero galu akachoka panjira n'kuyamba kuzungulira munda wonse, mwatuluka kale m'chilolezo chimene lamulo linakupatsani.

Nkhosa zimene munazionazo ndiye pali nkhani yaikulu. Kuyambira m'chaka cha 1953 kuli lamulo loteteza ziweto kwa agalu, ndipo galu safunika kuluma nkhosa kuti mwini wake apalamule, pakuti kuzithamangitsa kokha ndi mlandu kale. Nkhosa ya bere ikathamangitsidwa imatha kutaya mwana, n'chifukwa chake alimi a kumeneko sachita nthabwala pa nkhaniyi, makamaka m'miyezi ya Marichi ndi Epulo pamene nkhosa zambiri zimaswa. Lamulo lina la 1971 limamuteteza mlimi amene wawombera galu yemwe akuvutitsa ziweto zake ngati panalibenso njira ina yomuletsera. Choncho m'munda uliwonse wa nkhosa galu akhale pachingwe, ngakhale atakhala wofatsa chotani pakhomo. Pa ng'ombe malangizo amasiyana pang'ono. Ng'ombe yokhala ndi mwana imaona galu ngati chilombo, ndipo ikayamba kukulondolani mwaukali, musayese kumuteteza pomukokera kwa inu kapena kumunyamula, koma mutayeni chingwe athawe yekha, chifukwa iye ali ndi liwiro kuposa inu ndipo amene ng'ombeyo ikufuna ndi iyeyo.

Kunena zoona mayi, sindingakulangizeni kuti muyambire kuminda. Galu amafunika kutuluka tsiku ndi tsiku, ndipo munthu wogwira ntchito ya mashifiti sangakwanitse ulendo wa pagalimoto tsiku lililonse, choncho malo amene angakuthandizeni kwenikweni ndi amene mungafikeko wapansi kuchokera pakhomo panu. Mzinda wa Leeds uli ndi mwayi pambali imeneyi. Kumpoto chakum'mawa kuli Roundhay Park, paki ya maekala oposa 700 yokhala ndi nyanja ziwiri ndi nkhalango. Kuli njira ya Meanwood Valley Trail, yotalika pafupifupi makilomita 11, imene imayambira ku Woodhouse Moor pafupi ndi yunivesite n'kukathera ku Golden Acre Park, ndipo simukakamizidwa kuiyenda yonse, mungathe kulowa ndi kutulukira pamene pakuyandikirani. Kulinso ngalande ya Leeds and Liverpool Canal, yotalika makilomita oposa 200, imene m'mphepete mwake muli njira yosalala yopanda zitunda, ngakhale kuti kumeneko galu ndi bwino akhale pafupi nanu chifukwa njinga zimadutsa mothamanga ndipo madzi ali pambali pomwepo. M'mwezi wa Disembala dzuwa kumeneko limalowa 4 koloko isanakwane, motero muyenera kukhala ndi malo amodzi owala magetsi a madzulo a mkati mwa sabata, n'kusunga nkhalango kuti zikhale za masiku opuma.

Tsiku limene mudzafune kukwera kumapiri ngati Ilkley Moor, dziwani kuti malo otere ali pansi pa lamulo la 2000 limene limalola anthu kuyenda momasuka osatsata njira, koma limanenanso kuti kuyambira pa 1 Marichi mpaka pa 31 Julayi galu akhale pachingwe chosapitirira mamita 2, chifukwa mbalame za kumeneko zimaikira mazira pansi paudzu. Mukapita kunyanja, makhonsolo ambiri amaletsa agalu m'magombe otchuka kuyambira Meyi mpaka Sepitembala. Mwa ichi mungaone kuti malo omwewo amene munayendako bwinobwino mu Januwale angathe kukhala ndi lamulo lina mu Juni, ndipo chikwangwani cha pachipata muyenera kuchiwerenga ulendo uliwonse.

M'tauni, khonsolo iliyonse ili ndi mphamvu yoika malamulo akeake a agalu, ndipo amalembedwa patsamba lake la pa intaneti. Kawirikawiri galu saloledwa m'mabwalo osewereramo ana, ndipo kusiya chimbudzi cha galu osatola kumabweretsa chindapusa chimene chimafika mapaundi 100 pompopompo, kapena mapaundi 1,000 nkhani ikakafika kukhothi. Ndikudziwa kuti kwa Mmalawi wamkulu kuwerama n'kutola zoipa za galu m'kapepala ka pulasitiki ndi chinthu chochititsa manyazi poyamba, koma kumeneko wochita manyazi ndi amene wasiya. Onetsetsaninso kuti pa lamba wa m'khosi palembedwa dzina lanu ndi adiresi monga lamulo limafunira, komanso kuti kachipangizo komuzindikiritsa ka pansi pakhungu, kamene kanakhala kokakamiza mu 2016, kalembetsedwa m'dzina lanu. Zotsalazo funsani anthu amene mumakumana nawo m'mawa ali ndi agalu awo, pakuti safunsa anadya phula, ndipo anthu a kumeneko amene sapereka moni wamba amamasuka msanga akaona galu.

Kalata yachiwiri yachokera ku Joni, kwa bambo wina wa ku Mangochi:

"Aulutsi, ine ndimagwira ntchito ya m'dimba pa nyumba ina kumpoto kwa Johannesburg. Abwana andiwonjezera ntchito yoti ndizituluka ndi agalu awo awiri akuluakulu m'mawa uliwonse, koma sanandiuze kumene ndizipita nawo. Ndikamayenda nawo mumsewu agalu a m'mipanda ina amauwa, awanso amakoka chingwe mpaka mapewa kuwawa. Ndaona ena akumasula agalu awo m'paki. Kodi nane ndingatero? Nanga galu wa abwana akaluma munthu, mlandu ndi wa yani?"

Bambo, funso lanu lomaliza ndi limene ndiyambe nalo, chifukwa ndi limene lingakuikeni m'mavuto. Ku South Africa mwini galu ndiye amene kawirikawiri amalipira galu wake akavulaza munthu wosalakwa, koma kulinso lamulo la 1993 limene limanena kuti munthu aliyense amene kunyalanyaza kwake kwachititsa kuti chiweto chivulaze wina angathe kulipitsidwa kapena kumangidwa mpaka zaka 2. Mawu oti munthu aliyense akukhudzanso amene wagwira chingwe, ndipo kwa inu amene muli m'dziko la eni, kukumana ndi apolisi pa nkhani ya galu woti si wanu ndi chinthu choyenera kupewa ndi mtima wonse. Choncho ngakhale muone ena akumasula, inu musamasule pokhapokha abwanawo atapita nanu okha, n'kukuonetsani malowo, n'kukutsimikizirani kuti agaluwo amabwerera akaitanidwa ndi inuyo. Galu amene amamvera mluzu wa mwini wake sikuti amveranso wanu. Malamulo a mzindawo nawonso amafuna kuti galu akhale pachingwe pamalo a anthu onse, kupatula pamalo amene anapatulidwa kuti agalu azithamangapo.

Malo alipo ndithu kumbali imene mukukhalayo. Anthu ambiri amapita ku Delta Park, paki yaikulu imene ili m'mphepete mwa mtsinje wa Braamfontein Spruit, ena ku Emmarentia kumene mbali ina ya munda wa maluwa wa mzindawo imadzaza ndi agalu m'mawa, enanso ku James and Ethel Gray Park kufupi ndi Melrose. Pitani nthawi imene kuli anthu ambiri, ndipo musatsike nokha m'malo obisika a m'mphepete mwa mtsinje. Musawalole kumwa madzi a m'mitsinje ya m'tauni, atengereni a m'botolo. M'chilimwe tulukani dzuwa lisanakwere, chifukwa phula la mumsewu likatentha limawotcha mapazi a galu, ndipo madzulo kumeneko kumakonda kugwa mvula ya ziphaliwali imene agalu ambiri amaiopa mpaka kudula chingwe.

Pali zinanso ziwiri zimene maso anu ayenera kukhalapo. Akuba a kumeneko amapha agalu powaponyera nyama yothira mankhwala amene kwathu kuno timawadziwa kuti tameki, ndipo amapha msanga kwambiri, kotero galu asatole chakudya chilichonse panjira. Chachiwiri ndi nkhupakupa za m'maudzu ataliatali, zimene zimafalitsa matenda otha magazi. Mukabwerako muwayang'ane m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala, ndipo mukaona galu wafooka, sakudya, nkhama zake zayera, uzani abwana tsiku lomwelo apite naye kwa dokotala wa ziweto. Pa za mapewa owawawo, palibe cholakwika kupempha kuti muzituluka ndi galu mmodzimmodzi, ndipo popeza iyi ndi ntchito yowonjezera, ndi bwino mukambirane nawo mwaulemu za nthawi imene ikukudyerani pa ntchito yanu ya m'dimba.

Kalata yotsiriza ndi yaifupi, yachokera kwa mnyamata wa ku Blantyre amene wapeza malo a maphunziro mumzinda wa Glasgow ku Scotland. Iye akuti ali ndi galu amene anamulera kuyambira ali kamwana, sakufuna kumusiya, ndipo akufunsa ngati akapeze malo oyenda naye kumeneko.

Achimwene, malo sadzakusowani. Dziko la Scotland lili ndi lamulo lakelake la 2003 limene limapatsa anthu ufulu woyenda pafupifupi paliponse bola achite mosamala, ndipo mu Glasgow momwemo muli Kelvingrove Park, Glasgow Green ndi Pollok Country Park, kumene muyenera kusamala ndi ng'ombe zaubweya wautali zimene amaweta m'menemo. Chimene chikudetseni nkhawa ndi ulendo wa galuyo. Popeza kuno kwathu chiwewe chikadalipo, galu wochokera ku Malawi amayenera kuikidwa kachipangizo komuzindikiritsa, kenaka kubayidwa katemera wa chiwewe, ndipo pakapita masiku osachepera 30 amatengedwa magazi kuti akayezedwe ku labotale yovomerezeka. Zotsatira zikakhala bwino, mumadikirabe miyezi 3 kuchokera tsiku limene magazi anatengedwa, ndipo kutatsala masiku 1 mpaka 5 kuti alowe m'dzikomo amamwetsedwa mankhwala a njoka za m'mimba. Zonsezi pamodzi zimatenga miyezi yoposa 4, osawerengera mtengo wa ndege, ndiponso nyumba zambiri za lendi, makamaka zogona ophunzira, sizilola ziweto.

Ngati mwatsimikiza mtima ndipo thumba likulola, yambani ndi kupeza nyumba imene mwini wake wavomera galu polemba, kenaka muonane ndi dokotala wa ziweto kuti masiku a katemera ndi a magazi agwirizane ndi tsiku la ulendo wanu. Pa miyezi yodikirayo muzoloweretseni chingwe tsiku lililonse, mudutse naye pamene pali mbuzi, njinga ndi ana, mpaka aphunzire kuyenda pambali panu osakoka ndi kubwerera mukamuitana. Galu amene anakula akuthamangitsa mbuzi za anthu ku Chilomoni adzachitanso zomwezo kwa nkhosa za ku Scotland, ndipo kumeneko lamulo la 2021 linakweza chilango cha mlandu wotere kufika pa mapaundi 40,000 kapena miyezi 12 kundende.