Keke ya fondant ilowe m'filiji kapena ayi? Nanga fondant yotsala tiisunge bwanji?

Moni nonse ophika makeke, takulandiraninso! Funso la lero limandipeza pafupifupi sabata iliyonse: "Anti, keke ndamaliza kuiveka fondant, koma ukwati ndi mawa masana, ndiiike pati?" Khalani nane mpaka kumapeto, chifukwa pali bodza lina lomwe lazika mizu m'magulu athu a WhatsApp, ndipo lero ndikufuna tilizule.

Mwachangu, kwa amene mwangoyamba kumene: fondant ndi shuga wa icing wokandidwa ndi glucose, glycerine ndi gelatine pang'ono. Shuga amakoka chinyontho cha mumpweya. Adani ake ndi chinyontho, kutentha ndi dzuwa. Basi, tipitirire.

Choyamba: musanaganize za fondant, dzifunseni kuti m'kati mwa kekemo mwaikamo chiyani. Ngati ndi buttercream wamba (batala wotakasidwa ndi shuga wa icing) kapena ganache (chokoleti chosungunulidwa mu kirimu wotentha), keke ikhoza kukhala m'chipinda chozizira bwino masiku awiri kapena atatu. Ngati muli fresh cream, cream cheese, kasitadi kapena zipatso zaziwisi monga sitiroberi ndi mango, imeneyo ndi ya m'filiji, palibe kukambirana.

Chachiwiri: katoni. Ikani keke m'katoni ya makeke, osati m'chidebe cha pulasitiki chotseka kuti ndii. Katoni imamwa chinyontho, pulasitiki imachitsekera momwemo, fondant n'kuyamba kunanda.

Chachitatu: kutali ndi windo, kutali ndi mbaula. Dzuwa limafwifwitsa mitundu, makamaka pinki ndi pepo.

Tsopano tafika pomwe ndimafuna. "Keke ya fondant siilowa m'filiji, imasungunuka." Mwamvapo? Lembani m'munsimu ngati munauzidwapo zimenezi, ndikufuna ndione kuti tilipo angati. Abale anga, zimenezi si zoona, ndipo zimandipweteka mtima, chifukwa bodza limeneli likhoza kudwalitsa anthu. Munthu waika fresh cream m'keke, mwezi wa Okutobala, ku Mangochi kapena ku Nsanje kutentha kwapitirira madigiri 35, iye n'kuisiya patebulo usiku wonse poopa kuti fondant iwonongeka. Mawa lake alendo adya kirimu wogona pa kutentha. Kodi kukongola kwa keke n'kofunika kuposa m'mimba mwa anthu?

Tiyeni tione chomwe chimachitika kwenikweni. Kuzizira pakokha sikusungunula shuga. Vuto limabwera potulutsa. Taganizani botolo la madzi ozizira mukangolichotsa m'filiji: pakapita kanthawi kunja kwake kumadzaza timadontho. Madziwo sanachokere m'botolomo ayi, achokera mumpweya wofunda umene wakhudza galasi lozizira. Keke nayonso chimodzimodzi. Yatuluka pa madigiri 4, yakumana ndi mpweya wofunda wa kukhitchini, chinyontho chatera pa fondant, shuga wapamwamba wayamba kusungunuka. Ndiye timati keke yatuluka thukuta.

[Kamera pafupi ndi keke]

Taonani iyi. Ndaitulutsa dala yopanda chophimba. Mukuona mmene ikunyezimira? Ndikaikapo chala apa, onani, chidindo cha chala chatsalira, ndipo sichichokanso. Pamzere wofiirawu, mtundu wayamba kutsikira pa zoyera. Apa m'pamene anthu amachita mantha, n'kutenga kansalu kuti apukute. Musatero! Mukapukuta ndiye mwaiwonongeratu. Isiyeni, yatsani fani iziwomba chapatali, thukutalo liuma lokha.

Koma ndi bwino kuti thukutalo lisabwere n'komwe. Nayi inzake: yagona m'filiji yomweyo, koma m'katoni, m'mphepete monse ndinamata ndi tepi, kunja n'kukulunga ndi cling film. Ndaitulutsa, sindinatsegule. Mpweya wofunda ukutera pa chokulungacho, keke m'katimo ikufunda pang'onopang'ono. Keke yaing'ono ipatseni maola awiri kapena atatu, yosanjikiza ya ukwati imafuna ochulukirapo. Mtima udzakuuzani kuti musuzumire, koma limbani, musatsegule. Tsopano nditsegule muone... youma bwinobwino, yosalala ngati mmene inalowera.

Ndiye amene amati filiji imawononga fondant, chomwe anaona n'choona, keke yawo inanyowadi, koma mlandu anaupereka kolakwika. Anaiika yosaphimba, anaitulutsira pa mpweya wachinyontho, kenako anaigwiragwira. Nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndiponso kwa inu a kunyanja ku Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay, thukutali limachuluka kwambiri chifukwa mpweya umakhala wodzaza chinyontho. Tulutsani keke m'mamawa kukadali kozizira. Magetsi akathima, musamatsegule filiji pafupipafupi. Ndipo chonde, keke isagone pafupi ndi usipa kapena anyezi wodula, mafuta a mu buttercream amatenga fungo msanga.

Chenjezo limodzi: keke yomwe mwaijambula ndi burashi, kapena ya mitundu yakuda bii ndi yofiira kwambiri, ndi imene imavutitsa ikanyowa ngakhale pang'ono. Ngati oda ndi ya mtundu umenewu, gwirizanani ndi kasitomala kuti m'kati muikemo zosafuna filiji.

Ngati vidiyoyi ikukuthandizani, dinani like, dinaninso subscribe ndi kabelu kaja. 

Chachinayi: fondant yotsala. Iyi ndi ndalama, musataye. Yomwe yakhudzana ndi nyenyeswa za keke kapena buttercream ipatuleni, imeneyo sisungika. Yoyera bwino ikandeni ikhale mpira, pakani shortening (mafuta ophikira oyera, olimba ngati majarini) pang'ono kunja konse, kulungani ndi cling film kawiri mothinitsa kuti pasatsale mpweya, ikani m'thumba la zipi, kenako m'chidebe chotseka. Inde, apa pulasitiki ndiye bwenzi lanu, chifukwa tikufuna isaume. Mtundu uliwonse paokha, wofiira ukagundana ndi woyera mudzapeza pinki. Isungeni m'kabati momwe simufika dzuwa, sifunika filiji. Yogula kusitolo tsatirani deti la pa paketi, yopanga nokha ndi marshmallow musaisunge nthawi yaitali, igwiritseni ntchito m'masabata ochepa. Ikalimba, masekondi 5 mpaka 10 mu microwave, kandani, bwerezani ngati ikufunika. Samalani, shuga wotentha amawotcha manja. Tizidutswa touma gwa ta m'mphepete dulani mutaye, tikalowa m'kati tidzakung'ambirani fondant poyala.

Chachisanu: maluwa ndi tizidole ta gumpaste (phala la shuga lofanana ndi fondant, koma louma gwa) tomwe mwaumitsa kale, m'katoni, pa tishu, ndi timapaketi ta silica gel tomwe timamwa chinyontho. M'filiji ayi, timafewa n'kugwa.

Keke yodula kale? Matani cling film pambali yodulayo kuti isaume.

Vidiyo yotsatira tikambirana zonyamula keke yosanjikiza pagalimoto, pamsewu wa mabampu, osasweka. Muli ndi funso pa zimenezi, lembani m'munsimu ndidzaliyankhe momwemo. Zikomo, tionana!