Mnzathu wa kuntchito watisiya ndi khansa: chopereka chomukumbukira chipite kuti?

[Wofotokoza ali pa depoti ya Zomba, kumbuyo kwake makondakitala akuitanira anthu a ku Limbe]

Moni nonse amene mukutionera. Maliro a kuntchito mwambo wake timaudziwa. Pepala la chipepeso limazungulira maofesi onse, ena amagula nkhata za maluwa, galimoto imanyamula anthu kukaperekeza mnzathu kumudzi. Zimenezi musazisiye. Koma pakatha masabata awiri, mukaona mpando wake uli wopanda munthu, mtima umafunsa kuti, ndiye zathera pomwepa? Kanemayu ndi wa inu amene mnzanu wapita ndi khansa ndipo mukufuna kuchitapo kanthu m'dzina lake.

Musanasonkhe ngakhale kwacha imodzi, kakhaleni pansi ndi achibale ake. Dzinalo ndi lawo. Mabanja ena safuna kuti matenda a m'bale wawo azitchulidwa pagulu, ena anganene kuti fizi ya ana amasiye ndiyo yavuta. Akatero, mverani. Akakulolani kuti muthandize odwala ena, pamenepo ndiye ganizirani bwino kumene ndalamayo ikagwire ntchito.

[Kamera ionetse anthu akukwera minibasi]

Ndaima pano dala. M'zipatala za boma chithandizo ndi chaulere, koma ulendo si waulere. Wodwala wa ku Jali kapena ku Mayaka amayamba wafika ku chipatala chachikulu cha Zomba, ndipo ambiri amawatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre, mtunda woposa makilomita 60 kuchokera m'tauni muno. Mankhwala a khansa a m'diripi sapereka kamodzi n'kutha ayi. Amapereka m'zigawo, kawirikawiri pakatha masabata atatu aliwonse, kwa miyezi ingapo. Ulendo uliwonse ndi wa anthu awiri, wodwala ndi gadiyani wake. Gadiyaniyo wasiya munda kapena geni, ndipo akafika kumeneko afunika ufa, ndiwo, makala ndi sopo. Banja limagulitsa mbuzi, kenako njinga. Thiransipoti ikasowa, wodwala amajomba tsiku limene adokotala anamuuza, matenda n'kupeza mpata. Kwa ine, apa ndi pamene chopereka cha ofesi imodzi, ngakhale yaing'ono, chimasintha zinthu kwenikweni.

Musamangogula shuga ndi sopo n'kutulukira ku wodi. Kumanani kaye ndi sisitala woyang'anira wodiyo, kapena ogwira ntchito yochepetsa ululu kwa odwala matenda aakulu. Iwowa amadziwa amene akufunika zofunda, phala, kapena ndalama yobwererera kwawo. Ndipo chonde, zojambula odwala ali pabedi kuti mukaike pa Facebook zilekeni. Mnzanu uja sakadakondwa kujambulidwa chonchi.

[Wofotokoza akuyenda cha ku msika]

Njira ina ndi yotchinga matendawa asanakule. Malawi ili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi ambiri pa dziko lonse, chonsecho ndi khansa yopeweka. Imayamba ndi kachilombo ka HPV, ndipo mu 2019 boma lidayamba kupereka katemera wake kwa atsikana a zaka 9. Amayi amayezedwa popaka viniga pa khomo la chiberekero, ntchito ya mphindi zochepa, ndipo zizindikiro zikapezeka msanga amazithana nazo zisanasanduke khansa. Mukhoza kugwirizana ndi a zaumoyo, kupempha abwana tsiku limodzi, n'kulipira minibasi yonyamula amayi a kuntchito kwanu ndi akazi a anzanu kukayezetsa. Abambo nanunso, nsima ikayamba kuvuta kumeza kwa masabata angapo, musazengereze, chifukwa khansa ya kummero ndi yofala kwathu kuno.

Za kasungidwe ka ndalama, zisakhale m'manja mwa munthu mmodzi. Sankhani anthu atatu, ndalama zizilowa pa nambala imodzi ya Airtel Money kapena Mpamba, ndipo lisiti lililonse liziikidwa pa gulu lanu la WhatsApp. Kusonkha pang'ono mwezi uliwonse malipiro akatuluka kumaposa kusonkha zambiri kamodzi maliro akadali m'mitima, poti wodwala uja adzafunikanso thiransipoti mwezi wamawa. Sankhaninso tsiku lopereka lipoti kwa achibale chaka chilichonse, kaya tsiku lobadwa la malemuyo kapena pa 4 February, tsiku lokumbukira matenda a khansa pa dziko lonse.