Mmene selo ya Daniell imatulutsira magetsi

Taonani kapu yagalasi iyi. Muli madzi abuluu a copper sulphate, ndipo taviikamo kachitsulo ka zinki. Pangopita kanthawi, kachitsuloko kakutidwa ndi kopa wofiirira, madziwo ayamba kufunda, ndipo mtundu wawo ukuchepa. Chimene chachitika n'chakuti atomu iliyonse ya zinki yapereka maelekitironi awiri kwa ayoni ya kopa ya m'madzimo (ayoni ndi atomu kapena gulu la maatomu limene lataya kapena kulandira maelekitironi), koma popeza woperekayo ndi wolandirayo agundana pamalo amodzi, mphamvu yonse yathera m'kutentha ndipo palibe babu limene tingayatse.

Nzeru ya selo ya galvanic, chipangizo chotulutsa magetsi kuchokera ku makemikolo monga selo ya Daniell, yagona pa kuwalekanitsa awiriwa. Tsopano tili ndi makapu awiri: zinki ili m'madzi a zinc sulphate, kopa ali m'madzi a copper sulphate, ndipo zitsulo ziwirizi tazilumikiza ndi waya. Zinki ikufunabe kupereka maelekitironi ake, koma njira yokhayo imene yatsala ndi ya m'waya, choncho maelekitironiwo akukakamizika kudutsa m'chilichonse chimene tingaike panjirapo. Mbali ya zinki, kumene maelekitironi akuchokera, imatchedwa anode ndipo ndi ya negative, pamene mbali ya kopa, kumene akulandiridwa, ndi cathode. Mukayeza zitsulozi pasikelo selo itagwira ntchito maola angapo, mupeza kuti zinki yapepuka pamene kopa walemerako.

Komabe onani voltmeter yathu, chipangizo choyezera mavoti chimene talumikiza pawayapo: siikuonetsa kanthu. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amasokonezeka, chifukwa amaiwala kuti madzi nawonso ndi gawo la njirayo. Zinki ikamasungunuka, m'kapu yake mumachuluka maayoni a positive, pamene m'kapu ya kopa mumatsala maayoni a sulphate opanda owalingana nawo, ndipo kusiyana kumeneku kumaimitsa maelekitironi nthawi yomweyo. Tiikepo tsono kapepala kosefera kamene takanyika m'madzi a potassium nitrate, nsonga imodzi m'kapu iyi, ina m'kapu inayo. Umenewu ndiwo mlatho wa mchere. Maayoni a nitrate akulowera kwa zinki, a potassium akulowera kwa kopa, ndipo voltmeter yalumphira pa mavoti 1.10, malinga ngati madzi onse ali pa mlingo umene akatswiri anagwirizana. Nambalayi siinangochokera kumwamba ayi: ndi mpata wa pakati pa mphamvu zokokera maelekitironi za zitsulo ziwirizi, mavoti +0.34 a kopa ndi mavoti -0.76 a zinki.

Dzina lakuti galvanic linachokera kwa Luigi Galvani wa ku Bologna, amene anaona miyendo ya achule akufa ikuphiriphitha ikakhudzidwa ndi zitsulo, n'kuganiza kuti magetsiwo akuchokera m'nyamayo. Alessandro Volta anatsutsa, ndipo mu 1800 anasanjikiza zitsulo ziwiri zosiyana zolekanitsidwa ndi makatoni onyikidwa m'madzi a mchere. John Frederic Daniell ndiye anapanga selo yathuyi mu 1836, ngakhale kuti yake sinali ya makapu awiri ngati ya m'kalasi.

Batire la tochi lotchipa lija, la mavoti 1.5, limagwira ntchito mwanjira yomweyi, ndipo chigoba chake cha zinki ndicho anode. N'chifukwa chake mukaliiwala m'wailesi litatha kale, chigobacho chimadyeka mpaka kubooka, n'kutuluka zinthu zotuwa zimene zimawononga masipuling'i.