Makalata a omvera: kodi boma lichoke pamsika?

Takulandirani nonse amene mwatchera khutu, a kuno ku Harare, Zimbabwe, ku Mbare, Mufakose, Highfield, Dzivarasekwa, Epworth ndi kulikonse kumene mawu athu akufika. Sabata yatha tinakamba za anthu odzitcha ma-libertarian, amene amati ntchito ya boma ithere pa apolisi, makhoti ndi asilikali, zina zonse zisiyidwe m'manja mwa ogula ndi ogulitsa. Nkhaniyi yakuyabwani ndithu. Makalata ndi mauthenga a pa WhatsApp abwera mulu, ena okalipa kwabasi. Ndiyambe ndi mayi ena a ku Mbare.

"Bambo muulutsi, ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi pa Mbare Musika. Dzina la anthu anuwo likundikanika kutchula, koma zimene amanenazo ndimaziona tsiku ndi tsiku. Ndimafika kumsika wa alimi kusanache. Malole a ku Mutoko ndi ku Murewa akabwera ambiri, bokosi la tomato limatsika mtengo dzuwa lisanatuluke. Chisanu chikawotcha madimba ku Domboshava, limakwera. Palibe nduna imene imatiuza zimenezo. Boma ine ndimaliona pokhapokha ikabwera lole yodzatola katundu wa anzathu ogulitsa m'mbali mwa msewu. Za 2005 musandikumbutse. Mukandifunsa ine, atisiye tokha."

Zikomo mayi. Zimene mwalembazi katswiri wa zachuma Friedrich Hayek, wobadwira ku Vienna, anazinena mu 1945, kungoti iye anazinena motalikitsa. Mfundo yake inali yakuti nzeru zoyendetsera chuma sizikhala mu ofesi imodzi. Mlimi ndiye amadziwa kuti chisanu chagwa, woyendetsa lole amadziwa mtengo wa dizilo, inu mumadziwa kuti mwezi uli pakati ndipo ogula alibe kanthu m'thumba. Mtengo wa bokosi lija ndiwo umasonkhanitsa zonsezi. Ukakwera, mlimi wa ku Mutoko amawonjezera dimba, wogula amachepetsa tomato mu ndiwo, popanda wina wolemba kalata kapena kuitanitsa msonkhano.

Ife a Harare sitifunika buku kuti timvetse zimenezi. Kumapeto kwa June 2007 boma linalamula kuti mitengo m'masitolo idulidwe ndi theka, ndipo eni masitolo ndi mamanijala ambirimbiri anamangidwa. Masiku oyamba anthu ankathamanga ndi matilole, chimwemwe chili tsaya. Pasanathe masabata angapo mashelefu anali mbee: ufa, shuga, mafuta ophikira, buledi, nyama, zonse zii. Katunduyo sanathe m'dziko ayi, anangosamukira kuseri kwa sitolo, mtengo wake utakwera kuposa kale. Amene anali ndi pasipoti ankakagula sopo ku Musina ku South Africa ndi ku Francistown ku Botswana. Gwero la vuto silinali wogulitsa buledi. Banki yaikulu inkasindikiza ndalama usana ndi usiku, mpaka boma lenilenilo linavomereza kuti mu July 2008 mitengo inali ikukwera ndi 231 miliyoni peresenti pachaka, ndipo mu January 2009 tinagwira m'manja pepala la madola 100 thiriliyoni. Ataloleza dola ya ku America chaka chomwecho, katundu anabwerera m'mashelefu. Za 2005 mwati ndisakukumbutseni, koma ana amene akumvera adziwe: lipoti la United Nations linati Murambatsvina, ntchito ya boma yogwetsa nyumba ndi misika ya m'matauni, inasiya anthu pafupifupi 700,000 opanda nyumba kapena pogulitsira. Pa nkhani ya mtengo wa tomato, mayi, ine ndili kumbali yanu ndipo sindikuchita manyazi.

Koma musazimitse wailesi, mumve agogo ena a ku Mufakose.

"Mwana wanga, ine ndinabadwira mu Salisbury momuno, bambo anga anachokera ku Dedza. Ndinalowa ntchito pafakitale ina yowomba nsalu ndili mnyamata. Mu 1991 anatiuza kuti kwabwera ESAP, ndondomeko yatsopano ya boma ya zachuma, malonda amasuka, tipirire kanthawi kochepa zinthu zidzakoma. Nsalu zotchipa zakunja ndi kaunjika zinadzaza m'tauni, pafakitale anayamba kuwerenga mayina pageti. Langa linawerengedwa. Nthawi yomweyo kusukulu anayamba kufuna fizi, kuchipatala anayamba kufuna ndalama, kenako chilala cha 1992. Kanthawi kochepa kaja mpaka lero sikanathe. Ndiye undiuze, ufulu wa msika ukunenawo ndi ufulu wa ndani?"

Agogo, funso lanu ndi lomwe anthu a sosholizimu, amene amati chuma chikhale m'manja mwa anthu onse, akhala akufunsa kuyambira masiku a Karl Marx. ESAP inabwera ndi upangiri wa World Bank ndi IMF, ndipo nduna ya zachuma imene inaiyendetsa anali malemu Bernard Chidzero. Ndinene mwakachetechete: bambo awo a Chidzero anachokera ku Nyasaland, choncho mpeni unali m'manja mwa mwana wakwathu.

Munthu wa libertarian amati malinga palibe wakugwira pakhosi, mgwirizano wa bwana ndi wantchito ndi wachilungamo, chifukwa onse awiri avomera okha. Marx anayankha kuti wantchito ndi mfulu inde, palibe womukwapula, koma alibe munda, alibe makina, chogulitsa chake ndi manja basi. Akakana malipiro ochepa lero, pageti pali ena makumi akudikira, ndipo kunyumba poto ali pamoto wopanda kanthu. Bwana angathe kudikira mwezi, wantchito sangathe kudikira Loweruka. Amartya Sen wa ku India anawonjezera mbali yowawa kwambiri. Atafufuza za njala ya ku Bengal ya 1943, imene inapha anthu mamiliyoni, anapeza kuti chakudya sichinasowe kwenikweni, chinangokwera mtengo kupitirira malipiro a anthu osauka. Msika umayankha amene wabwera ndi ndalama. Wanjala wopanda ndalama sumuona n'komwe. Mtengo wa ufa utakwera mu January 1998, anthu a mu Harare muno ndi a ku Chitungwiza anaswa masitolo mpaka asilikali anatuluka mumsewu.

Oikira kumbuyo msika amati ESAP inangochitika theka, boma linapitiriza kuwononga ndalama ndi kukongola, chiwongoladzanja chinakwera n'kutsamwitsa mafakitale. M'mawu amenewo muli choona. Komanso makombi amene timakwerawa analoledwa nthawi yomweyo, mu 1993, ndipo amene amakumbukira mizere ya basi ya m'zaka za m'ma 1980 sangafune kubwerera. Koma agogo, yankho lakuti mankhwala anali abwino kungoti munamwa theka ndalimva kambirimbiri, ndipo silinabwezerepo munthu ndi mmodzi yemwe pantchito.

Uthenga wachitatu ndi wa mnyamata wa pa yunivesite ku Mount Pleasant. Walemba motentha.

"Akulu, ine ndine libertarian ndipo sindibisa. Msonkho ndi kulanda. Kuyambira 2018 ndikatumizira amayi anga ndalama pafoni boma limadulapo, ndalama yomwe ndaikhetsera thukuta ndekha. Agogo athu ankati thangata pamene mzungu ankawagwiritsa ntchito yaulere. Nanga boma likamatenga gawo la malipiro anga, si thangata lomwelo? Robert Nozick ananena zimenezi. Ku Argentina asankha Javier Milei mu 2023 kuti adule boma. Ifenso tikufuna wotere. Munthu aliyense asunge chake."

Mphwanga, wawerenga ndipo ndakondwa. Nozick, mphunzitsi wa pa Harvard, analembadi mu 1974 kuti kudula msonkho pa malipiro a munthu n'kofanana ndi kumugwiritsa ntchito mokakamiza. Ndipo ukadandaula za msonkho wa 2 peresenti uja, amene anauyambitsa a Mthuli Ncube, nduna ya zachuma, mu October 2018, mayi a tomato aja akuwombera m'manja, chifukwa umadula wolemera ndi wosauka mofanana.

Koma Nozick umuwerenge mpaka kumapeto. Iye anati chinthu ndi chako mwachilungamo ngati chinapezedwa mwachilungamo pachiyambi, ndiponso ngati chinadutsa m'manja ndi m'manja popanda kuba kapena chinyengo. Anawonjeza mfundo yachitatu, imene anyamata ambiri a pa intaneti amailumpha: ngati pachiyambipo panali kulanda, cholakwacho chiyenera kukonzedwa. Tsopano bwera nayo mfundoyo kuno. Lamulo la Land Apportionment Act la 1930 linapatsa azungu ochepa pafupifupi theka la nthaka ya dziko lino, mbali yachonde ndi yoyandikira njanji. Malamulo a chimanga a 1931 ndi 1934 anakonzedwa kuti mlimi wakuda azilandira mtengo wotsika kuposa mzungu. Nanga ife tinafika bwanji kuno? Agogo athu sanadzuke m'mawa n'kusirira Salisbury. Ku Nyasaland kunali msonkho wa nyumba wofunika kulipira ndi ndalama, ndalamazo kumudzi kunalibe, ndiye anayenda ulendo wa pansi, ena anakwera malole a Ulere onyamula ofuna ntchito osalipira, ena analembedwa ndi bungwe lolemba antchito la Mthandizi, kudzagwira m'mafamu a fodya ndi m'migodi. Thangata ukulitchulalo linali la eni minda a ku Shire Highlands amene anatenga nthaka kenako n'kumalipiritsa eni nthakawo ndi thukuta lawo, ndipo ndi china mwa zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915. Amene ankalandira thangata sanali a msonkho, anali eni katundu.

Ndiye ukati aliyense asunge chake, ndikufunsa kuti kuyambira chaka chiti. Zili ngati munthu wakokera nkhomo zonse za bawo kumbali yake, kenako n'kunena kuti tsopano tisewere motsata malamulo, wina asakhudze za mnzake. Malamulowo angakhale abwino, koma masewerawo atha asanayambe.

Ndisanamalize nawe, ndiwatembenukire a sosholizimu amene akumwetulira kunyumba. Inu mumati boma likonze cholakwacho. Boma lake liti? Minda itagawidwa kuyambira 2000, antchito a m'mafamu, ambiri a iwo ana ndi zidzukulu za anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndi ochepa kwambiri amene anapatsidwa malo. Ambiri anataya ntchito ndi nyumba tsiku limodzi. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri a ife ndi chitupa cholembedwa kuti ndife alendo, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 ndiwo anabwezera unzika kwa obadwira kuno. Msika unatigula motchipa, boma pogawa linatidumpha. N'chifukwa chake ine munthu akandiuza kuti khulupirira msika, kapena khulupirira boma, ndimayamba ndafunsa kuti pamzerepo ife tili pati.

Nthawi yatsala pang'ono, koma uthenga uwu wa mayi a ku Budiriro sindingausiye.

"Achimwene, mukambe za madzi. Kuno mpopi umatha masabata uli gwa. A ku Borrowdale amakumba zitsime zawo kapena kuitanitsa thanki ya madzi pagalimoto. Ife timadzuka usiku kukaima pamjigo, ndipo pamjigopo pali anyamata olipiritsa kuti udumphe mzere. Kolera ya 2008 inatikantha kwambiri m'makomo mwathu muno. Amenewa ndi msika kapena ndi boma?"

Mayi, ndi zonse ziwiri zitagwirana manja. Boma linalephera kupopa madzi, msika unalowa n'kugulitsa kwa amene angathe, ndipo kolera ija inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno. Apa Hayek sandithandiza kwambiri, chifukwa tomato akakwera mtengo munthu amadya ndiwo zopanda tomato, koma madzi akakwera mtengo amakatunga pachithaphwi, ndipo matenda amene atenge kumeneko safunsa kuti woyandikana naye analipira kapena ayi.

Funsoli ndikulipereka kwa mphwanga wa ku Mount Pleasant. Utilembere sabata yamawa, m'Chichewa chomveka kwa agogo a ku Mufakose, kuti m'dziko lako lopanda msonkho mapaipi a ku Budiriro adzakonza ndani, ndipo mayi amene alibe dola tsiku limenelo adzamwa chiyani. Kalata yako ndidzayamba nayo. Nawonso a sosholizimu atilembere chifukwa chake madzi a mu Lake Chivero, damu limene limamwetsa Harare, amene ali m'manja mwa aboma kuyambira kale, safika pampopi. Tsalani bwino nonse, tikumane Lachinayi nthawi yomweyino.