Makalata a Omvera: "Pa masika ndinakhala kumbuyo ndi K500"

Takulandirani nonse amene mwatsegula wailesi madzulo ano. Makalata achuluka sabata ino, ambiri abwera pa WhatsApp, koma ndiyamba ndi yolemba pamanja, papepala lothothola m'kope la mwana wasukulu. Ndaiwerenga katatu chilandirireni ndipo sikundichoka mumtima. Yachokera kwa mayi wina wa ku Migowi, m'boma la Phalombe, ndipo apempha kuti dzina lawo lisamveke. Akuti:

"Bambo muulutsi, ine ndine mayi wamasiye wa ana anayi. Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023, madzi ndi matope zinakokolola nyumba yathu pamodzi ndi munda. Tinagona pasukulu milungu ingapo. Chaka chotsatira ndinabwereka munda, koma ng'amba inawotcha chimanga chisanamasule. Chimene chatisunga ndi makina osokera opalasa ndi mwendo amene alamu anga anandibwereka, poti utelala ndinaphunzira ndili mtsikana. Ndimakhala pakhonde la golosale, kumata zigamba, kuika mazipi, ndi kusoka mayunifolomu sukulu zikamatsegulira. Ana akudya, ngakhale nthawi zina n'kamodzi patsiku. Koma Sabata ya masika anzanga a Mvano ankalowa m'tchalitchi akuimba, atasenza madengu a chimanga ndi nandolo, wina mpaka anakoka mbuzi. Ine ndinakhala kumbuyo nditafumbata K500, manyazi atandigwira. Kodi Mulungu sakundiona ngati munthu wosayamika?"

Amayi anga, choyamba pepani. Freddy anatenga anthu mazanamazana kuchigawo cha kummwera, ena mpaka lero abale awo sadziwa pamene anagona. Ng'amba ya 2024 nayo inafika poti boma linalengeza za ngozi yogwa mwadzidzidzi m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino. Dengu lanu silinasowe chifukwa cha ulesi, ndipo amene amagwetsa mvula akudziwa zimenezo kuposa ine.

Tsono tsegulani Machitidwe a Atumwi 9, kuyambira ndime 36. Mumzinda wa Yopa munali mayi dzina lake Tabita, kapena kuti Dorika, yemwe uja amayi a mpingo wa Adventist anatengerako dzina la gulu lawo. Atamwalira anamusambitsa n'kumugoneka m'chipinda chapamwamba, ndipo abale anatuma anthu awiri ku Lida kukaitana Petro. Petro atalowa, amayi amasiye anamuzungulira akulira. Taonani chimene anamuonetsa: malaya ndi zovala zimene Dorika anasoka ali moyo. Ine ndikamawerenga pamenepa ndimaona mayi akugwira mpendero wa chovala chake, akuloza msoko, misozi ili chuchuchu, pofuna kuti mlendoyo amvetse amene wawachokera. Umboni wonse wa Dorika unali m'singano ndi ulusi.

Munda wanu chaka chino ndi makina amenewo, ndipo masika anu atuluka momwemo. Pamudzi panu sipangalephere kupezeka mwana amene akujomba kusukulu chifukwa kabudula wang'ambika kumbuyo ndipo anzake amamuseka. Nsalu zotsalira zija zimagwera pansi pa makina zikhoza kumubweza m'kalasi Lolemba. Mwinanso pali mtsikana amene amaima pakhondepo kumangoyang'ana mmene mukupalasira; mumukhazike pampando Loweruka lina, mumuonetse kulowetsa ulusi m'singano ndi kuyeza m'chiuno ndi tepi, monga winawake anakuchitirani inu kalelo.

Koma ndikuchenjezeninso, chifukwa ife a mpingo tili ndi chizolowezi choipa. Tikadziwa kuti mnzathu ali ndi luso timathamangira kunena kuti "mungotisokera, ndi ntchito ya Mulungu," chonsecho ndalama ya nsalu tinapereka kusitolo osanyinyirika. Ayi. Makina ndi obwereka, ana anayi akudya pomwepo. Amene angathe kulipira alipire. Chaulere musankhe nokha wopatsa, mtima wanu utakonda. Ndipo K500 ija musaipeputse. Pa Marko 12, tsiku limene olemera ankaponya zambiri mosungira ndalama za m'Kachisi, amene Yesu anaitanira ophunzira ake kuti amuone anali mayi wamasiye wa timakobili tiwiri. Chaka chamawa musadzakhalenso kumbuyo.

Kalata yachiwiri ndi ya mnyamata wa ku Kawale, mumzinda wa Lilongwe: "Abusa amati aliyense ali ndi mphatso. Ine kuimba sinditha, kulalikira ndimachita chibwibwi, sukulu ndinalekezera Fomu 2. Ndimangoyendetsa kabaza wa njinga yamoto. Mwina ine ndi uja analandira talente imodzi."

Achimwene, ngati ndinu wa talente imodzi ndiye kuti mwasenza chuma. Ambiri timaiyesa kakobili, koma odziwa za ndalama za nthawi imeneyo amati talente imodzi inali ngati madinari 6,000, pomwe dinari imodzi inali malipiro a waganyu tsiku lathunthu. Werengerani nokha, ndi thukuta la zaka pafupifupi 20. Mlandu wa wantchito uja pa Mateyu 25 unali woti anakumba dzenje n'kukwirira chuma cha mbuye wake chifukwa cha mantha.

Komanso ndani ananena kuti mphatso zonse zimakhala kuguwa? Pa Eksodo 31 Mulungu akutchula Bezalele ndi dzina, akuti wamudzaza ndi Mzimu wake, ndipo ntchito yake inali kusula golide, siliva ndi mkuwa, kusema miyala ndi kupala matabwa. Inu mumadziwa njira iliyonse ya m'Kawale ndi Mchesi ngakhale magetsi atazima. Mayi woyembekezera matenda akamuyamba pakati pa usiku, woimba bwino m'kwaya sangamufikitse ku chipatala cha Bwaila. Gogo akakwera, mufikitseni pakhomo penipeni, osamutsitsa pamsewu. Mlendo wosadziwa mtengo mumuuze womwewo umene mumauza eni dera. Mwana wasukulu ali kumbuyo kwanu, chepetsani liwiro. Pamenepo ndiye pali talente yanu, ndipo mumaikwera tsiku lililonse.

Yomaliza yachokera ku Johannesburg, kwa bambo amene akugwira ntchito yosamalira maluwa pakhomo la bwana wina. Akuti anatumiza malipiro a mwezi wathunthu kwa mneneri wina ngati "mbewu", atalonjezedwa kuti zibwerera kakhumi. Patha chaka, palibe chabwerera, ndipo lendi ya mwezi umenewo anachita kukongola. Akufunsa ngati chikhulupiriro chawo n'chimene chinaperewera.

Bambo, zandiwawa kwambiri, ndipo ndinena mosapsatira: chikhulupiriro chanu sichinaperewere, munanamizidwa. Kuyamika si katapila woti Mulungu abweze ndi chiwongoladzanja. Pa Luka 17, akhate khumi aja anachira onse asanapereke kanthu. Msamariya amene anabwerera kudzagwada anabwerera khungu lake litayera kale, ndipo panalibe china chimene ankayembekezera. Ntchito muli nayoyo, m'dziko la eni, ndi chimene mwapatsidwa kale. Bwezani ngongole ija, tumizani ya feteleza ndi fizi kumudzi, ndipo chimene mwatsimikiza kupereka mukapereke pampingo umene mumapemphera, pamene maso anu akuona ntchito yake.

Nthawi yatithera. Kalata ya ku Chipata yofunsa za chakhumi cha munthu wa geni tidzayamba nayo sabata yamawa. Ndipo amayi a ku Migowi, sukulu zikatsegulira mudzatilemberenso, tidzamve mmene makina akuyendera ndi mmene ana alili.