Stockholm mu Disembala: dzuwa limalowa 3 koloko isanakwane, ndiye muone chani?

Moni nonse, takulandirani. Lero tikukamba za Stockholm, likulu la Sweden, nthawi yozizira. Ambiri mumaopa kuzizira, eya kumazizira ndithu, koma chimene chimasokoneza pulogalamu ya mlendo ndi mdima. Mu Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 m'mawa, pofika 3 koloko masana lalowa kale, kuwala kwake maola 6 basi. Ndiye zakunja muziona m'mawa, za m'nyumba musunge kukada.

Yambirani ku Gamla Stan, tauni yakale ija, timisewu tamiyala tokhotakhota, kena kotchedwa Mårten Trotzigs gränd ndi kothina masentimita 90 okha. Pabwalo la Stortorget pamakhala msika wa Khrisimasi, gulani glögg, chakumwa chotentha cha zonunkhira, mutenthetse manja. Koma chonde nsapato zikhale zogwira pansi chifukwa miyala ija ikaundana imaterera koopsa. Ku Stadshuset, nyumba ya khonsolo ya mzindawu, kumene kumachitikira phwando la mphoto za Nobel pa 10 Disembala, nsanja yake nyengo yozizira imakhala yotseka, musavutike.

Kenako kwerani boti pa Slussen, pafupi ndi Gamla Stan, kupita ku chilumba cha Djurgården, tikiti ya SL (kampani ya zamayendedwe ya mzindawu) yomwe mumakwerera basi ndi sitima imagwiranso ntchito pamenepo, ndipo mzindawu unamangidwa pa zilumba 14 ndiye ukamauonera pamadzi ndi pomwe umamveka bwino.

Ku Djurgården ndi komwe kuli Vasa, mu nyumba yake yosungiramo zakale, ndipo ine ndimati ngati muli ndi tsiku limodzi lokha, ichi musachiphonye. Ndi sitima yankhondo ya mfumu Gustav II Adolf yomwe inamira pa 10 Ogasiti 1628, ulendo wake woyamba, itangoyenda mamita pafupifupi 1,300 anthu akuonerera kumtunda. Inalemera kwambiri kumwamba, mizinga 64, pansi kulemera kochepa, mphepo itangowomba inapendekeka madzi nkulowa pa mazenera a mizinga omwe anali otsegula, anthu pafupifupi 30 anafera momwemo. Anaivuula mu 1961, patapita zaka 333, matabwa ake ambiri adakali omwewo chifukwa madzi a nyanja ya Baltic alibe mchere wambiri ndiye tizilombo todya matabwa sitikhalamo. Mukaima pansi pake nkuyang'ana m'mwamba, zosema zonse zija, mutu umaima abale.

Mukatuluka kunja kwada kale ngakhale ndi 4 koloko. Musathamangire ku hotela. Lowani mu kafe muchite fika, khofi ndi kanelbulle, banzi ya sinamoni, kenako tsikani ku sitima yapansi, tunnelbana, masiteshoni ake ambiri ndi okongoletsedwa ndi ojambula, yambirani pa T-Centralen pa njanji ya buluu pomwe thanthwe lonse analipenta masamba a buluu.

Chinanso, tengani khadi ya ku banki, mashopu ndi makafe ambiri kumeneko ndalama za m'manja salandira. Tionana mu vidiyo yotsatira.